Masamba Pamsewu wa Bambo Anga

Bambo anga ankati msewu waukulu wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi wawo. Osati wonse ayi, sanali odzikuza chotero. Wawo unkayambira pa kalavati yodutsitsa madzi pansi pa msewu, kumunsi kwa mphambano ya ku Bembeke, n'kukwera chitunda, n'kukathera pa mwala woyera wolembedwa manambala, pamene kanjira ka kumudzi kwathu kamatulukira. Boma linawalemba ntchito yosamalira chigawo chimenecho akadali mnyamata, ndipo litawapumitsa iwo anachita ngati sanamve. Mlendo akawafunsa ntchito yawo ankayankha kuti, "Ndimaweta msewu." Kwathu ndi kwa anthu oweta ng'ombe, choncho yankholo silinkaseketsa munthu.

Anauyamba uli wafumbi. Ankasimba kuti magalimoto asanachuluke inali njira ya anthu osenza katundu pamutu, ndi ya amuna oyenda wapansi kukafuna ntchito kumigodi, ena osabwerako. Kenaka kunabwera basi imodzi yokha, imene inkamveka isanaoneke, ndipo ikadutsa fumbi linkatsala m'mwamba mpaka munthu kumaliza kulima mzere. Dzinja likafika basiyo inkatitimira pachitunda chathu, okwera onse n'kutsika kukakankha, ndi a mataye omwe. Bambo ankaikonda kwambiri mbali imeneyi ya nkhani. Ankati matope a ku Dedza sadziwa kalaliki.

Phula linafika ine ndisanayambe sukulu. Ndimakumbuka migolo yakuda ikuwira pamoto m'mbali mwa msewu, ndi fungo limene linkatitsatira mpaka m'zofunda. Ana tinkaba timibulu ta phula n'kumatafuna ngati chingamu, ndipo mayi anandikwapulapo chifukwa cha diresi yanga ya ku tchalitchi imene sinachokenso banga. Bambo anali m'gulu lomwaza miyala. Tsiku limene chigawo chawo chinatha anavula nsapato, n'kuyenda pamsewupo opanda kanthu kuphazi kuchokera pa kalavati mpaka pa mwala woyera, ine ndikuwatsatira. Ankangogwedeza mutu.

Zida zawo zinali chikwakwa, fosholo, piki ndi wilibala yolira mwendo. Udzu ankatchetcha usanafike m'mawondo. Ngalande ankazitsegula mvula isanayambe, ndipo miyala ya m'mbali ankaipaka njereza ngakhale kulibe mlendo wamkulu wodutsa. Anali ndi chiphunzitso chimodzi chimene tinachimva mpaka kutopa nacho: mdani wa msewu si galimoto, ndi madzi. "Madzi ukawaonetsa kopita sakuvuta," ankatero. "Ukawasiya adzifunire okha, amadya msewu kuyambira m'mphepete ngati mwana akudya chigumu."

Chiphunzitso chachiwiri anandipatsa panjinga. Tinkapita ku Dedza Boma, ine nditakhala pakaliyala, miyendo itauma ndi kuzizira. Tinapeza nthambi zamasamba aawisi zitayalidwa modutsa msewu, monga timachitira kwathu kukagwa maliro: mzere umodzi uku, wina patsogolo, kuti wodutsa adziwe kuti pakati apa pali anthu olira. Bambo anatsika, ananditsitsa, anavula chipewa, ndipo tinayenda wapansi akukankha njingayo. Ndinafunsa kuti wamwalira ndani.

"Sitifunsa," anatero motsitsa mawu. "Wamwalira ndi munthu."

Tisanatuluke pamzere wachiwiri kunabwera lole ikuthamanga ngati ikuthawa moto. Inaponda nthambizo, mphepo yake n'kumwaza masamba m'ngalande. Bambo anaimika njinga, anatola nthambi imodziimodzi n'kuzibwezera pamalo pake. Kenaka anayang'ana kumene loleyo inalowera, n'kunena mawu atatu okha: "Ameneyo alibe kwawo." Sindinawamvepo akutukwana munthu moposa pamenepo.

Msewu womwewo ndi umene unanditenga ine. Bambo ndiwo analimbikira kuti ndiphunzire, abale ena akunena kuti mwana wamkazi n'kungotaya nthawi. Ndinapita ku sekondale, kenaka kukaphunzira unamwino ku Blantyre, kenaka ntchito inandiponya ku Lilongwe. Anthu akawaseka kuti mwana wawo saonekanso, ankaseka nawo n'kunena kuti walira mvula walira matope.

Masiku amenewo ndinkaukonda msewu umenewu, ndipo sindichita manyazi kunena. Basi ikamakwera kuchoka ku Ntcheu mphepo inkayamba kusintha, anthu n'kumatseka mawindo, amayi n'kumafunditsa ana nsalu yachiwiri. Ine ndinkatsegula langa pang'ono kuti ndimve fungo la kwathu, la paini ndi utsi wa nkhuni zonyowa. Kumanzere kwa msewu ndi Mozambique, kumanja ndi Malawi, koma mbuzi zinkawoloka osafunsa munthu. Zaka za nkhondo ya kutsidyako tinkaona anthu atakhala m'mbali mwa msewu ndi timitolo tawo, ndipo m'basi monse munkati zii mpaka titawapitirira. Kenaka phokoso linkabwerera: nkhuku pansi pa mipando, mazira owiritsa ndi mchere wa m'kapepala, mabeseni a kachewere ndi mapichesi akukankhidwira pawindo, kondakitala akukangana ndi munthu wokwera ndi thumba la makala. Mapiri ankatuluka m'nkhungu limodzilimodzi, ndipo ndinkawadziwa onse ngati azakhali anga.

Vuto linali lakuti basi yachangu sinkaima pakwathu. Inkaima ku Boma basi, ndipo ine nthawi zambiri ndinkangodutsa, kuchoka mzinda uwu kupita mzinda uwo. Ndiye tinapangana ndi bambo monga ankachitira anthu ambiri nthawi imeneyo, lamya zisanafike m'matumba mwathu. Ndinkalemba kalata, kuikulunga pa kamwala, kumanga ndi ulusi, n'kukhala kumbali ya kwathu. Basi ikamafika pa mwala woyera ndinkawaona ataima chilili, chikhothi chawo chakale cha kuntchito atachimanga mabatani mpaka m'khosi. Ndinkaponya. Iwo ankakweza chipewa m'mwamba, osathamangira kalatayo mpaka basi itazimiririka, kuti ndiwaone nthawi yonse imene ndikanatha kuwaona. Madzulo mayi ankawawerengera, poti iwo zilembo ankazidziwa za manambala a pamwala zokha. Kumudzi konse ankadziwa nthabwala yawo yakuti ali ndi mwana wamwano amene amawagenda kamodzi pamwezi.

Sindinkadziimba mlandu masiku amenewo. Basi sinali yanga, mabuleki sanali anga.

Mayi anamwalira ine nditakwatiwa kale, ana anga ali kusukulu. Bambo anatsala pakhomo ndi mlongo wanga wamkulu, amene sanachokepo pamudzi, ndi mkazi wake. Patapita zaka anandikweza pantchito, ndinayamba kuyendera sukulu za anamwino, ndipo ndinagula kagalimoto kanga. Kawiri pamwezi, Lachisanu, ndinkayenda ulendo wa ku Blantyre ndikuyendetsa ndekha. Tsiku limene ndinawauza bambo zimenezi anawomba m'manja ngati alandira mphatso.

"Ndiye kugendana kwatha, amayi," anatero. Ankanditchula amayi chifukwa anandipatsa dzina la mayi awo. "Tsopano muziima."

Ndinalonjeza. Ulendo woyamba ndinaimadi, mateyala awiri ali paphula, awiri akulendewera kunja. Pamenepo msewu unali utadyeka m'mphepete, chifukwa gulu la bambo litatha panalibenso wotsegula ngalande za kumtunda, ndipo madzi anali atadzifunira okha kopita. Kuchoka paphula kufika padothi panali chiphompho chofika pafupi m'bondo. Ulendo wachiwiri ndili chiimire, lole yonyamula mafuta inaliza hutala kumbuyo kwanga n'kudutsa pafupi kwambiri moti galimoto yonse inagwedezeka.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi chifukwa. Chinali chifukwa choona, ndipo ndaphunzira kuti choona n'choopsa kuposa bodza, poti bodza limakuluma mumtima koma choona chimakugoneka tulo. Zoona zake zina, zimene sindinkauza munthu, zinali zakuti kuima kwathu si kuima kwa mphindi zisanu. Ukatsika uyenera kuyenda kanjira kaja mpaka kumudzi, kukapereka moni kwa azakhali, kudikira nkhuku imene ikadathamangitsidwa kuseri kwa nkhokwe. Mbiri ikamveka kuti namwino wafika, anthu amabwera ndi timabuku tawo ta kuchipatala, wina bondo, wina maso, wina mwana wosanenepa. Ine ndinkakhala ndi msonkhano wondidikira ndi anthu ovala bwino oyang'ana mawotchi. Pa Khirisimasi ndinkapita ndithu, kusiya galimoto ku Boma n'kukwera minibasi, n'kugona masiku awiri. Ndinkaona ngati zimenezo zikukwanira chaka chonse.

Choncho tinabwerera ku kugendana, kungoti tsopano ndinkagenda ndi shuga ndi buledi. Ndinkachepetsa liwiro, kutsitsa windo, n'kutulutsa jumbo. Bambo, munthu wa imvi mutu wonse, ankathamanga pang'onopang'ono m'mbali mwa galimoto, dzanja lina lalandira jumbo, lina lagwira chitseko, akufunsa za adzukulu awo mwachangu ngati wogulitsa mapichesi. Ndikamalemba izi manja anga akuchita manyazi. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndine mwana wabwino, wosadutsa chimanjamanja.

Tsiku lina, anthu atangomaliza kukolola, msewu unali wopanda magalimoto ndipo ndinaima kwenikweni, injini ikulira, phazi lili pabuleki, maso ali pagalasi loonera kumbuyo.

"Amayi," anatero bambo ataweramira pawindo, "tazimitsani chinthuchi kamodzi, ndikumveni bwino. Makutuwa akalamba."

"Bambo, pano palibe poima. Mukufuna malole andipere ngati chimanga?"

Anayang'ana chiphompho chija, anayang'ana kumtunda kumene madzi ankachokera, anayang'ananso mateyala anga. Ndinkakudziwa kuyang'ana kumeneko. Ndi mmene ankayang'anira ngalande yotsekeka.

"Palibe poima, eti?" anatero. "Chabwino. Pitani bwino, amayi."

Miyezi yozizira inalowa. Amene sanakhaleko ku Dedza mu Juni ndi Julaye asamanene kuti amakudziwa kuzizira. Nkhungu imatsika m'mapiri n'kukhala pamsewu mpaka dzuwa litakwera, madzi a mumtsuko amaluma mano, ndipo kamvula kowaza kamalowa m'mafupa osakunyowetsa bwinobwino. Lachisanu lililonse limene ndinadutsa miyezi imeneyo ndinkawapeza bambo ndi wilibala yawo, thalauza ili yofiira ndi katondo mpaka m'mawondo. Ndinkawakalipira pawindo.

"Boma linakupumitsani kalekale, bambo. Mukudzivutitsiranji pa msewu wa eni?"

"Ndikungowongola miyendo," ankatero.

Sindinayang'ane chimene ankachita. Maso anga ankakhala pagalasi, kuopa malole. Ndinamva kuti akutsokomola, ndipo ulendo wotsatira ndinawabweretsera botolo la mankhwala a chifuwa, n'kuwapatsira pawindo pomwepo pamodzi ndi shuga. Ine namwino wa zaka zambiri, wophunzitsa ena kuti wodwala umamugwira, umamumvetsera pachifuwa, umamuyang'ana m'maso. Bambo anga ndinawayeza chifuwa ndikuyenda.

Ulendo womaliza umene ndinawaona, anagwira chitseko mwamphamvu kuposa masiku onse.

"Lachisanu linalo mudzaime ndithu. Ndili n'choti ndikuonetseni."

"Ndidzaona, bambo. Zimatengera nthawi imene ndanyamuka."

"Mudzaime," anabwereza, n'kusiya chitseko.

Lachisanu limenelo ndinanyamuka mochedwa. Mwana wanga wamng'ono anataya kiyi wa geti, ndinakalipa nyumba yonse, ndipo potuluka mu Lilongwe mtima unali kale m'mwamba. Msonkhano unali wa masana ndipo ine ndiye ndinkayenera kuutsegula. Ndikudutsa pa Chimbiya, utsi wa owotcha nyama ukungoyamba kukwera, foni inalira pampando. Ndinasuzumira: anali achimwene, mlongo wanga uja. Ndinadziwa, kapena ndinkaganiza kuti ndikudziwa, chimene ankafuna. Bambo awatuma kuti andikumbutse zoima. Ndinaisiya ilire mpaka inatopa. Nditapitirira ku Boma inaliranso. Ndinaitembenuza chafufumimba n'kukweza wailesi.

Nkhungu inali yochindikala tsiku limenelo. Nditayandikira pakwathu ndinaona mzere wa nthambi zamasamba aawisi utayalidwa modutsa phula. Ndikufuna ndinene ndendende chimene chinabwera mumtima mwanga, chifukwa ndakhala ndikuchibisa zaka zonsezi, ngakhale kwa mwamuna wanga. Sichinali chisoni, sanali mantha. Ndinapepukidwa. Ndinaganiza kuti kumudzi kwagwa maliro, ndiye kuti bambo ali kusiwa ndi amuna anzawo, sali pa mwala woyera, ndipo lero ndidutsa popanda wondigwira chitseko. Ndinayamika Mulungu chifukwa cha maliro a munthu.

Sindinachotse phazi pamoto. Ndinamva nthambi zikuthyoka pansi pa galimoto, ina ikukwekwereza kanthawi n'kugwa. M'mbali munali zithunzithunzi za amuna ataima m'nkhungu, mmodzi atakweza dzanja. Sindinatembenuke. Mzere wachiwiri ndinaupondanso chimodzimodzi, wailesi ikuimba nyimbo ya chikwati.

Ndikanakhala munthu woganiza, ndikanadabwa. Mudzi wathu uli patali ndi phula, ndipo maliro a kwathu masamba ake timaika pa kanjira, osati pamsewu waukulu. Pa chigawo chimenecho palibe nyumba ngakhale imodzi yoyang'ana kumsewu. Koma wothamanga saganiza, amangowerenga mitunda.

Ku Ntcheu ndinaima kuti ndithire mafuta, ndipo m'pamene ndinatembenuza foni. Achimwene anali ataimba kasanu ndi kawiri. Ndinawaimbira ndili wokonzeka kudandaula za nkhungu ndi kuchedwa.

"Achemwali," anatero, mawu ali ophwa, "bambo atisiya m'mamawa uno." Kenaka anati, "Mwatidutsa."

Sindikumbuka mmene ndinatembenuzira galimoto. Ndimakumbuka kuti wothira mafuta anandithamangira ndi chitsekerero cha thanki. Ndimakumbuka kuti sindinalire njira yonse, ndinkangolankhula ndekha ngati wamisala, kuwauza bambo kuti ndikubwera, adikire pang'ono. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinaimba kasanu ndi kawiri, ine n'kuchitembenuza chafufumimba.

Pofika, nkhungu inali itayamba kuyera. Achimwene anali ataima pa mwala woyera, atavala chikhothi cha bambo. Ndinachepetsa liwiro n'kuyamba kufunafuna poika mateyala monga mwa masiku onse, koma iwo anandikodola ndi dzanja kuti ndikhotere kunja kwa msewu. Ndinakana ndi mutu, ndikuloza chiphompho. Anandikodolanso. Ndinakhotetsa chiwongolero ndikudikira kuti galimoto igwe.

Sinagwe. Inatsika paphula mosalala ngati ikulowa pakhomo pake. Ndinazimitsa injini n'kutuluka, ndipo m'pamene ndinaona chimene bambo ankachita miyezi itatu yonse ija. Chiphompho chinali chitakwiriridwa. Pansi anayala miyala ikuluikulu, pamwamba ing'onoing'ono, kenaka katondo wotsenderedwa mpaka kulimba ngati pabwalo lopunthira nyemba. Malowo anali otalika mokwanira galimoto imodzi, otambalala moti chitseko cha woyendetsa n'kutseguka chonse osakhudza phula. Kumtunda kwake anakumba kangalande kokhota bwino, kuonetsa madzi kopita. M'mphepete monse anandandalika miyala yopaka njereza, yoyera mbee, ina njereza yake isanaume bwino.

"Miyala ankakatenga kumtsinje," anatero achimwene. "Wilibala imodzi m'mawa, ina madzulo. Tinkawaletsa, ankati ife sitidziwa ntchito. Galimoto yanuyi anaiyeza ndi mapazi, tsiku lija munaima n'kuwauza kuti palibe poima. Inu munkayang'ana pagalasi."

Anamaliza kutsendera Lachitatu. Lachinayi masana, kamvula kowaza kakugwa, anapita kukapaka njereza, chifukwa ankati mlendo salandiridwa pa ntchito yosamaliza. Anabwerako akunjenjemera, akupuma mobanika, ndipo anakana zopita kuchipatala mpaka Lachisanu litadutsa. Ine ndikudziwa dzina la matenda amenewo. Ndi chibayo, ndipo ndachiza anthu ambirimbiri amene anabwera nacho nthawi yabwino, anthu osawadziwa n'komwe.

Za masamba anali atawauza achimwene kalekale, akadali bwino, moseka. Anati tsiku lawo likadzafika masamba adzaikidwe pamsewu wawo, kuyambira pa mwala woyera, chifukwa anauweta moyo wawo wonse ndipo nawonso uyenera kudzawavulira chipewa. Achimwene anachita monga anauzidwa. Anaganizanso kuti popeza sindikuyankha foni, masambawo andiimitsa.

Ndinayenda kupita pamene panali mzere woyamba. Nthambi zinali zitaphwanyika, masamba atamatirira paphula, ndipo sindikanatha kusiyanitsa zimene ndinaponda ine ndi zimene anaponda ena pambuyo panga. Ndinazitola imodziimodzi. Ndinapempha chikwanje, ndinalowa patchire ndi nsapato zanga za kumsonkhano, ndinadula zina zatsopano n'kuziyala ndekha. Amuna amene anali pamenepo anandisiya, palibe anandithandiza, ndipo ndikuganiza kuti anachita bwino. Pamenepo m'pamene kulira kunabwera, ndili chogwada pakati pa msewu, achimwene akuimitsa magalimoto ndi dzanja.

Kumudzi palibe anandikalipira. Ndikanakonda akanatero. Amayi a m'mudzimo anandilandira ndi kulira monga amalandirira mwana aliyense wa malemu, anandikhazika pafupi ndi mutu wa bambo, anandifunditsa nsalu. Azakhali okha, mlongo wawo wa bambo, amene sanabisepo mawu chibadwire, anadikira mpaka titaika maliro. Tsiku lometa anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mwana wa achimwene," anatero, "ndikuuze, ungadzamve kwa ena. Galimoto ija itaponda masamba, mkulu wina amene anaima pamenepo sanaizindikire m'nkhungu muja. Analavula pansi n'kunena kuti ameneyo alibe kwawo. Mlongo wakonso anamva. Ine ndati udziwe."

Ndinawathokoza. Mawuwo ndinkawadziwa mwini wake.

Papita zaka tsopano, ndipo nanenso anandipumitsa ntchito. Msewu wasintha. Mabasi aja a nkhuku pansi pa mipando kulibenso, makalata a pamwala ana anga amawamva ngati nthano, ndipo oyendetsa ambiri akaona masamba amangowazemba ngati akuzemba dzenje. Ndikamva anzanga akusimba za kukoma kwa ulendo wa ku Blantyre masiku akale, za mapichesi ndi mphepo ya ku Dedza, ndimavomera nawo chifukwa n'zoona. Koma ine msewu umenewu sindingaukondenso mmene ndinkaukondera, ndiponso sindingaude, poti ndi wa bambo.

Malo aja alipobe. Mvula ya zaka zonsezi yadya phula kumtunda ndi kumunsi, koma pamenepo yalephera, madzi amangotsata kangalande kaja mwaulemu. Poyamba panaima minibasi imodzi kutsitsa munthu, kenaka ina, kenaka amayi a kumudzi anabweretsa mabeseni awo a kachewere ndi kabichi. Lero ndi siteji yodziwika, ndipo makondakitala amaitchula dzina la bambo anga, akukuwa pawindo, osadziwa kuti anali ndani. Amaima pamenepo amalole, aphunzitsi a ku Bembeke, alendo ofuna kujambula mapiri. Aliyense amaima pamalo amene anakonzera munthu mmodzi.

Nanenso ndimaima, ulendo uliwonse, ngakhale ndilibe chokachita kumudzi. Amayi ogulitsa amandithamangira ndi mabeseni, ndipo ndimagula kuti ndisafotokoze, moti kunyumba kwanga kachewere amamera m'thumba. Akabwerera pamalo awo ndimatsitsa windo, ndimazimitsa injini, n'kukhala chete manja ali pachiwongolero. Ndi zokhazo zimene anandipempha, kuti ndizimitse kamodzi andimve bwino. Injini ikazima pamakhala bata moti ndimamva mphepo m'mapaini ndi ng'ombe kutsidya kwa msewu. Ndimanena kuti, "Bambo, ndaima," ndipo ndimadikira pang'ono ndisanalize galimoto.